Makosi a kompyuta olipiridwa ndi boma: wofuna ntchito wa ku Metangula angadziwe bwanji aphindu?

Mnyamata kapena mtsikana wa kuno ku Lago akamaliza kalasi 12 n'kukhala pakhomo chaka chathunthu, uphungu umene amaumva kwa amalume ake, kwa aphunzitsi ake akale ngakhale kutchalitchi umakhala umodzi: "Kachite informática." Boma nalo likuyankhula zomwezo. Mu Januwale 2025 Pulezidenti wa Mozambique Daniel Chapo adakhazikitsa unduna woona za mauthenga ndi za digito, n'kuika Américo Muchanga kukhala nduna yake. Kuphunzira kompyuta palibe akukutsutsa. Nkhani yagona pa mtundu wa maphunziro amene akufika kwa ife, ndi chimene munthu amatuluka nacho akawamaliza.

Kodi makosi amenewa amachokera kuti, nanga amalipira ndani?

Zitseko ndi zingapo. Pali IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito zamanja lomwe lidakhazikitsidwa mu 2016 ndipo lili ndi dzina la Alberto Cassimo. Pambali pa ukalipentala, zamagetsi ndi kusoka limaphunzitsanso kompyuta, ndipo lili ndi magalimoto ophunzitsira oyendayenda m'maboma. Mnzake ndi INEP, bungwe lolembetsa ofuna ntchito ndi kuwapezera malo a estágio. Palinso INAGE, yoona kuti ntchito za boma ziziyenda pa kompyuta, yomwe imayang'anira malo a makompyuta otchedwa CPRD m'malikulu a zigawo. Ganizo lofikitsa kompyuta kumidzi si la dzulo: mu 1999 yunivesite ya Eduardo Mondlane idatsegula malo oyamba otere ku Manhiça ndi ku Namaacha, ndipo pambuyo pake kudabwera ma CMC, omwe amaphatikiza wailesi ya m'dera ndi chipinda cha makompyuta.

Ndalama zambiri zimachokera kunja. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza madola 104 miliyoni mu 2020 a pulojekiti ya MozSkills, madola 150 miliyoni mu 2021 a pulojekiti ya EDGE, ndi madola 200 miliyoni mu 2022 ofulumizitsira kufalikira kwa intaneti. Manambalawa asakuzunguzeni mutu. Gawo lalikulu limapita ku zitupa, ku nsanja ndi zingwe za netiweki, ku makoleji ndi ku makina a m'maofesi a boma. Chofika m'chipinda chophunzirira cha mwana wa msodzi ndi kachigawo chabe.

Kwa wa ku Metangula, poyambira kufunsa ndi ku SDEJT, ofesi ya boma ya maphunziro, achinyamata ndi luso lamakono. Koma mabungwe ambiri aja maofesi awo a chigawo ali ku Lichinga, kumtunda, makilomita opitirira 100 kuchoka kunyanja kuno.

Ngati kosi ndi yaulere, ndingataye chiyani poiyesa?

Mungataye zambiri, achimwene. Ulere wake umathera pa fizi. Chapa chopita ku Lichinga mulipira nokha, malo ogona ndi chakudya n'chimodzimodzi, kuwonjezapo mafotokope a chitupa cha BI ndi satifiketi ya kusukulu, zithunzi, ndi mamega oyesera zimene mwaphunzira. Wochokera ku Cobué kapena ku Meluluca ulendo wake umatalikirapo. Ndiye pali nthawi. Mwezi umene usipa ukugwidwa, mnyamata wolowa m'bwato kapena mayi woyanika pathandala amapeza ndalama yooneka. Kuusiya mwezi umenewo n'kukakhala pa benchi ndi mtengo umene wina ayenera kuuwerenga, ndipo wouwerengayo ndinu.

Chotayika chachikulu ndi chikhulupiriro. Munthu amene wachita makosi awiri opanda pake sabweranso pa yachitatu, ngakhale yachitatuyo itakhala yabwino.

Ndingaizindikire bwanji kosi yabwino ndisanalembetse?

Safunsa adadya phula. Pitani pamalopo kosi isanayambe, mupemphe kuona chipinda, muwerenge makompyuta amene akuyaka. Osawerenga amene ali pa tebulo atafunditsidwa nsalu, ayi, amene akuyaka. Kenako funsani kuti m'kalasi mudzakhala anthu angati. Anthu awiri pa kompyuta imodzi n'zopiririka. Akafika anayi kapena asanu, mmodzi yekha, kawirikawiri uja adaigwirapo kale, ndiye amalamulira kiyibodi, enawo amangoyang'anira paphewa mpaka tsiku lolandira satifiketi. Kuphunzira kompyuta motero n'chimodzimodzi kuphunzira kupalasa bwato uli khale pamchenga: mayina a nkhafi ndi zingwe uwadziwa onse, koma mwera ukakupeza pamadzi ubwerera chosambira.

Musafunse kuti kosi ndi ya miyezi ingati. Funsani kuti pa sabata manja anu adzakhala pa kompyuta maola angati. Kosi ya miyezi itatu yokumana kawiri pa sabata, theka la nthawi likuthera pa kukopera zolembedwa pa bolodi, imachepa poiyerekeza ndi ya milungu itatu yogwira makina tsiku ndi tsiku. Ndipo magetsi akathima, kapena mayunitsi a Credelec akatha, phunzirolo limabwezedwa tsiku lina kapena limangopita? Funso ili limaoneka laling'ono, koma yankho lake limakuuzani ngati oyendetsa kosi amawerenga maola a wophunzira kapena masiku a pa kalendala.

Pemphani kuona ndondomeko ya zophunzira. Mukapeza kuti sabata yoyamba yonse ndi mbiri ya kompyuta ndi kuloweza mayina a ziwalo zake, dziwani kuti ndondomekoyo idalembedwa kalekale ndipo palibe adaibwereza. Wolemba ntchito sadzakufunsani chaka chimene kompyuta yoyamba idapangidwa. Adzakupatsani pepala lolembedwa pamanja kuti mulitayipe bwino, mulisindikize, mulitumize pa imelo, zonse mphindi khumi zisanathe.

Mayeso nawo amaulula zambiri. Ngati ndi a cholembera ndi pepala, kosiyo ikuyesa kuloweza. Mayeso oona amakukhazikani pa makina, amakupatsani ntchito, ndipo n'zotheka kulephera. Kosi imene aliyense wolembetsa amakhoza, ngakhale uja adabwera masiku atatu okha, satifiketi yake ilibe chimene ikuchitira umboni.

Pomaliza, fufuzani anthu awiri kapena atatu amene adaichita chaka chatha. Metangula ndi tawuni yaing'ono, simudzavutika kuwapeza. Musawafunse ngati kosi idali yabwino, chifukwa mwaulemu adzati idali yabwino. Afunseni chimene akuchita lero ndi zimene adaphunzira, komanso tsiku limene adagwira kompyuta komaliza.

Makosi ambiri amaphunzitsa Word, Excel ndi PowerPoint. Kodi zimenezi n'zokwanira masiku ano?

Pali anthu a m'mizinda amene amaseka makosi oterewa kuti ndi achikale. Ine sindiseka nawo. Kalembera wa mu 2017 adapeza kuti m'Mozambique muno ogwiritsa ntchito intaneti sankafika munthu mmodzi pa anthu khumi alionse, ndipo ogwira kompyuta adali ocheperapo. Zinthu zasintha chifukwa cha mafoni, koma achinyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja amamalizabe sekondale asanalembepo tsamba limodzi pa kiyibodi. Kwa iwowa Word ndi chiyambi choyenera, ndipo zolengeza ntchito zambiri zimafunabe chimene chimalembedwa kuti "informática na óptica do utilizador".

Vuto lili pa kuya kwake. Excel yongophunzitsa kukongoletsa mizere ndi kusintha mitundu ilibe ntchito. Yofunika ndi yoti wophunzira alembe katundu wolowa ndi wotuluka m'banka ya pamsika, aphatikize ngongole za makasitomala, aone phindu la mwezi. Word yofunika ndi yolembera requerimento, CV ndi kalata yofunsira ntchito zopanda zolakwika. PowerPoint, kunena zoona, ingadikire. Ndi ochepa kuno amene adzalembedwe ntchito chifukwa cha iyo. Nthawi yakeyo ikadapita ku imelo, kusintha chikalata kukhala PDF, kudzaza mafomu a pa intaneti ndi kusunga mawu achinsinsi.

Nanga satifiketi? Si imeneyo imene tikufuna?

Mapepala ali mitundu iwiri, ndipo pa mwambo wotsekera kosi onse amaoneka okongola mofanana. Loyamba ndi certificado de participação, longonena kuti mudalipo. Lachiwiri limanena kuti mudayesedwa ndipo mudakhoza pa muyezo wodziwika m'dziko lonse. Woyang'anira muyezowo ndi ANEP, bungwe lobadwa ndi lamulo la maphunziro a ntchito la mu 2014, lomwe limavomereza malo ophunzitsira ndi maphunziro awo, monga a CV3, CV4 ndi CV5 a m'masukulu aukadaulo. Funsani mosapita m'mbali: malo ano ndi ovomerezeka ndi ANEP? Pepala lidzatuluka liti, lidzasainidwa ndi yani?

Kusiyanaku kuli ndi phindu lenileni. Kafukufuku wa ku Uganda wofalitsidwa mu 2020, wa Livia Alfonsi ndi anzake, adatsata achinyamata a magulu awiri: ena adaphunzira miyezi 6 m'masukulu a ntchito, ena adaphunzirira pantchito m'makampani ang'onoang'ono. Magulu onse adapeza luso, koma patapita zaka a m'masukulu aja ndiwo adapitirira kupeza bwino, chifukwa pepala lawo linkakhulupiridwa ndi bwana wina aliyense akafuna kusintha ntchito.

Koma dziwaninso ichi: pa concurso ya ntchito za boma choyamba kuonedwa ndi kalasi imene mudamaliza ndi maphunziro a ntchitoyo, kaya ndi uphunzitsi kapena unamwino. Satifiketi ya kompyuta imangowonjezera kulemera kwa envulopu yanu, siilowa m'malo mwa zinazo.

Tiuzeni zoona: kodi makosi amenewa amapezetsa ntchito?

Pang'ono, ndipo mochepera kwambiri kuposa mmene zolankhula za pa mwambo zimanenera. Mu 2017 David McKenzie, katswiri wa zachuma wa ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse yomweyo, adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa maphunziro a ntchito m'maiko osauka ndi apakati. Adapeza kuti pa anthu 100 opatsidwa mwayi wophunzira, osakwana atatu ndiwo amapeza ntchito imene sakadaipeza popanda maphunzirowo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kosi imawonjezera anthu odziwa ntchito, koma siitsegula ofesi kapena fakitale yatsopano.

Vutoli silisankha dziko. Ku England boma lidayambitsa mu 2020 makosi aulere otchedwa Skills Bootcamps, a milungu yosapitirira 16, ambiri a iwo a kompyuta. Mu Novembala 2022 bungwe loyendera sukulu la Ofsted lidapeza kuti kaphunzitsidwe kake kadali kosiyanasiyana, kwina kwabwino kwina kofooka, ndipo m'malo ambiri ophunzira sankayesedwa mokwanira. Komabe pali chinthu chimodzi chimene kumeneko adachiganiza bwino: wophunzitsa salandira ndalama zonse pa chiyambi, gawo lomaliza limadikira kuti wophunzira apeze ntchito kapena akwere pantchito.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Malipoti amene timawamva pa wailesi amati achinyamata mwakutimwakuti aphunzitsidwa. Nambala imeneyi ndi yosavuta kuipeza, ingofunika mndandanda wa mayina ndi chithunzi cha gulu. Nambala yovuta ndi ya amene akupeza ndalama ndi lusolo patatha miyezi 6 kapena chaka. Bola wophunzitsa akulipidwa powerenga mitu ya olembetsa, adzadzaza chipinda mpaka pakhomo, ndipo simungamudzudzule kwambiri, popeza akuchita chimene wamulipirayo wapempha.

Ku Metangula kuno ntchito za kompyuta zili kuti?

Za malipiro a pamwezi n'zowerengeka, ndipo zambiri ndi za boma: maofesi a distrito, khonsolo ya tawuni yomwe yakhalapo kuyambira 1998, sukulu, zipatala, ndi asilikali a pamadzi. Malo ogona alendo a ku Chuanga ndi a kufupi ndi Cobué amalemba anthu ochepa. Mabungwe othandiza amabwera ndi mapulojekiti, ndipo nthawi zina amafuna achinyamata olemba mayankho a kafukufuku pa tabuleti, koma ntchitoyo imatha pulojekiti ikatha.

Chuma chenicheni cha m'boma lino chili m'nsomba, m'minda ndi m'malonda ang'onoang'ono, ndipo kompyuta ya anthu amenewa ndi foni. M-Pesa idafika mu 2013, e-Mola ya Movitel idatsatira, mKesh idalipo kale. Mayi wogula usipa pagombe n'kukagulitsa ku Lichinga kapena ku Cuamba amalandira ndalama pafoni, amamva mitengo pa WhatsApp, amatumiza chithunzi cha katundu asanakwere galimoto. Kosi yomuthandiza iyeyu, kapena mwana wake womusungira mabuku, ikadaphunzitsa kulemba zolowa ndi zotuluka pafoni, kusiyanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo, ndi kuzindikira akuba aja otumiza uthenga wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Wofuna kukhala ejenti wa ndalama za pafoni ayenera kudziwa kuwerengera ndalama ya m'manja ndi ya m'foni madzulo alionse. Wokonza mafoni ali ndi makasitomala m'mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja. Kashopu kotayipa, kusindikiza ndi kujambula mafotokope kamadya bwino nyengo ya matrícula ndi ya concurso, ngakhale tawuni ngati ino singadyetse mashopu otere makumi awiri.

Ndiye musanalembetse dzifunseni kuti adzakulipirani ndani, ndipo mumutchule dzina kapena malo. Ngati yankho ndi "aliyense", simunayankhe.

Timamva kuti munthu angagwire ntchito za makampani akunja ali pakhomo. N'zotheka kuno?

N'zotheka kwa ochepa kwambiri. Starlink idayamba kugwira ntchito m'Mozambique mu 2023, kotero intaneti yamphamvu ingafike ngakhale kumene kulibe nsanja, kwa amene angakwanitse mtengo wake. Koma ntchito zoterezi zimafuna laputopu yakoyako, magetsi osadukaduka, njira yolandirira ndalama zakunja, ndipo kawirikawiri Chingerezi chakupsa. Kenya, yomwe idayambitsa pulogalamu ya Ajira Digital mu 2016 pofuna zomwezi, ili patsogolo pathu pa zonsezi. Komabe mu 2023 magazini ya Time idaulula kuti anthu a ku Nairobi osankhula zolembedwa zophunzitsira ChatGPT ankalandira ndalama zosafika madola awiri pa ola. Kumbukiraninso kuti kumapeto kwa 2024, pa zipolowe za pambuyo pa chisankho, intaneti ya m'mafoni inkadulidwadulidwa m'dziko muno. Kasitomala wa ku Lisboa kapena ku London sadikira.

Kosi ya milungu inayi yolonjeza kuti mudzalandira madola ikugulitsa maloto. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti akupatseni ntchito ya pa intaneti ndi wakuba.

Chipwitikizi changa n'chofooka. Ndilembetse?

Lembetsani, koma funsani ngati mphunzitsi amayankhula Chinyanja kapena Chiyao. Mawu a pa sikirini adzakhalabe a Chipwitikizi kapena Chingerezi, ndipo muyenera kuwazolowera, koma kufotokoza kwake kungachitike m'chinenero chathu. Sukulu zina za pulayimale zakhala zikuphunzitsa m'zinenero ziwiri, kuphatikizapo Chinyanja, kwa zaka zoposa 20. Palibe chifukwa chakuti chipinda cha makompyuta chikhale malo okhawo oletsa zimenezi.

Mwana wanga ndi wamkazi. Kodi pali china choti ndiganizire?

Chilipo, mayi. Ku Malawi kudachitika kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, wa Yoonyoung Cho ndi anzake, pa achinyamata omwe bungwe la maphunziro a ntchito la TEVETA lidawatumiza kukaphunzira kwa amisiri. Sadali maphunziro a kompyuta, koma zimene adapeza zikutikhudza: atsikana ankasiyira panjira kapena kujomba chifukwa cha ntchito za pakhomo, matenda a achibale ndi kutalika kwa ulendo, ndipo maphunzirowo ankawadyera ndalama zawo zambiri kuposa anyamata. Ngati mwamulola kupita, mumasuleni ku mtondo ndi kumadzi pa maola amenewo. Funsani kumene adzagone ngati kosi ili ku Lichinga, ndi nthawi yoweruka ngati ili konkuno. Muuzeninso asalole kukhala mlembi wa gulu, wokopera manotsi pamene anyamata akugwira kiyibodi. Zimenezi zimachitika kwambiri, ndipo aphunzitsi ambiri saziona n'komwe.

Kodi tsidya lija, ku Malawi, zikuyenda bwino kuposa kuno?

Njira yawo ndi yosiyana pang'ono. Pulojekiti ya Digital Malawi, yomwe idayamba mu 2017 ndi madola 72.4 miliyoni a banki yomwe ija, idapereka ndalama zophunzitsira kwa mabungwe oima paokha monga mHub ya ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub. Ubwino wake ndi wakuti aphunzitsi amakhala anthu ogwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Koma mabungwe otere amakhala m'mizinda, ndipo wa pa chilumba cha Likoma, chomwe chimaonekera ku Cobué, ali kutali nawo monga mmene ife tatalikirana ndi Lichinga.

Ndalembetsa kale ndipo kosi ndi yofooka. Ndichite chiyani?

Musathawe msanga, finyani chimene chilipo. Fikani msanga kuti mupeze makina, pemphani kugwiritsa ntchito chipinda pa maola opanda kalasi, ndipo bwerani ndi ntchito yanuyanu: CV yanu, maakaunti a banka ya amayi anu, kalata ya komiti ya asodzi. Zambiri za Word ndi Excel zimatheka kuyeserera pafoni madzulo. Mukamaliza lembetsani ku INEP ndi kufunsa za estágio, chifukwa luso losagwiritsidwa ntchito limaiwalika m'miyezi yochepa. Ngakhale kuthandiza mwaulere mu ofesi ya sukulu kapena ya mpingo kwa kanthawi kuli bwino kuposa kusunga satifiketi m'sutikesi.

Kenako dandaulani, koma monga gulu ndiponso polemba. Lembani masiku amene kalasi idalephereka, chiwerengero cha makina oyaka, ndi zimene zidalonjezedwa koma osaphunzitsidwa. Kalatayo ipite kwa woyendetsa kosi, ina ku SDEJT. Ambiri amaopa kuti akadandaula adzamanidwa satifiketi, kapena amati chaulere sachinena. Ndalama zimenezi zidaperekedwa m'dzina lanu, ndipo pa lipoti lopita ku Maputo inu ndinu nambala yosonyeza kuti ntchito idagwiridwa.

Kwa akuluakulu a m'makhonsolo a uphungu a m'madera ndi atolankhani a wailesi ya m'dera, pempho ndi ili: kosi ina ikadzatsekedwa ndi mwambo kuno ku Metangula, lembani tsikulo. Pakatha miyezi 6 bwererani kwa amene adaibweretsa, muwafunse kuti mwa ophunzira aja ndi angati akupeza ndalama ndi zimene adaphunzira, ndipo yankho lake muliwerenge pa wailesi.